Funsani akatswiri: Kodi mayiko adaletsadi mekyule m'mafuta oyeretsa khungu?

Funso: Pa misika ya kuno kwathu pali mafuta oyeretsa khungu m'timabotolo tosalembedwa kanthu. Ndidamva pa wailesi kuti ena ali ndi mekyule ndipo mayiko adagwirizana zowaletsa. Mng'ono wanga amadzola, komanso ndi woyembekezera. Ndimuuze chiyani? — Mayi a ku Muloza, Mulanje

Yankho: Mayi, mudamva zoona. Panganoli limatchedwa Minamata, dzina la mzinda wa asodzi ku Japan. Kumeneko fakitale ya Chisso inkatayira m'nyanja madzi okhala ndi mekyule (chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, pa Chingerezi mercury), anthu n'kumadya nsomba za momwemo. Mu 1956 madokotala adayamba kuona anthu akunjenjemera, akulephera kuyenda ndi kulankhula, ndipo ana ena ankabadwa ubongo utaonongeka kale. Mayiko adasaina panganoli ku Kumamoto, ku Japan komweko, mu October 2013, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 16 August 2017.

Poyamba pangano lidaletsa mafuta odzola okhala ndi mekyule woposa miligalamu imodzi pa kilogalamu. Mu 2023, ku Geneva, mayiko adagwirizana kuchotsa malirewo: chikatha chaka cha 2025, mekyule asathiridwenso m'zodzola zoyeretsa khungu, ngakhale pang'ono. Koma dziwani kuti pangano limaletsa kupanga, kulowetsa ndi kutulutsa m'dziko. Kugwira timabotolo tobwera m'chikwama kudzera njira zachidule za m'malire ndi ntchito ya dziko lililonse palokha, ndipo ife timaona kuti apa ndi pomwe pali chofooka chachikulu.

Mekyule amaletsa khungu kupanga mtundu wake wakuda, n'chifukwa chake munthu amayera msanga. Koma amalowa m'magazi, n'kukaononga impso ndi mitsempha. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera manja, kusowa tulo, kuiwalaiwala, kutupa mapazi ndi mkodzo wa thovu. Kwa mayi woyembekezera amadutsa mpaka kwa mwana m'mimba, ndipo akabadwa amamupezanso m'mkaka wa m'mawere. Amatsaliranso pa chitenje, pa thaulo ndi pa zofunda, choncho ngakhale osadzola m'nyumbamo amakhudzidwa.

Mng'ono wanu asiye lero lomwe. Akamapita kusikelo atenge botololo akawaonetse anamwino, awauze kuti wadzola kwa miyezi ingati, ndipo apemphe kuti amuyeze mkodzo. Pa botolo lolembedwa, fufuzani mawu awa: mercury, mercurous chloride, calomel, mercuric kapena Hg. Kusapezeka kwa mawuwa si umboni woti mulibe, poti opanga ambiri amabisa.

Mafuta otsalawo musawaotche pamoto, chifukwa utsi wake ndi woopsa kwambiri ukalowa m'mapapo. Musawatayenso m'chimbudzi kapena mu mtsinje wa Ruo. Tsekani botolo, likulungeni m'majumbo awiri, libiseni kutali ndi ana, kenako funsani alangizi a zaumoyo kapena ofesi ya zachilengedwe ya pa boma za kokalisiya. Mathaulo ndi zofunda zake muzichape pazokha.