Ndikufuna kudzakhala dokotala wa matenda a m'mimba

Funso: Ndili Folomu 4 ku Area 25 muno mu Lilongwe, ndipo ndimalakalaka kudzakhala dokotala wa matenda a m'mimba ndi chiwindi. Kodi ndidzere njira yanji?

Yankho: Choyamba, khozani bwino Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu pa mayeso a MSCE kuti musankhidwe kupita ku Kamuzu University of Health Sciences, komwe maphunziro a udokotala amatenga zaka 6 pamodzi ndi chaka chokonzekera. Mukamaliza, mudzagwira ntchito moyang'aniridwa pachipatala chachikulu monga Kamuzu Central, kenako mudzaphunzira zaka zina 4 za matenda a m'kati mwa thupi la akuluakulu. Ukatswiri weniweni wa matenda a m'mimba ndi chiwindi, wotchedwa gastroenterology, ambiri amakaumalizira kunja, makamaka ku South Africa.

Njirayi ndi yaitali ndithu, koma akatswiriwa akusowa kwambiri, chifukwa khansa ya kummero yafala m'dziko muno, ndipo ambiri amafika kuchipatala phala lomwe likukanika kudutsa. Enanso amasanza magazi chifukwa likodzo kapena hepatitis B yawononga chiwindi. Mudzaphunzira kulowetsa kachubu kokhala ndi kamera kudzera pakamwa, n'kumanga mitsempha yotuluka magaziyo wodwalayo osang'ambidwa.