Kodi kukhala chete mphindi 10 patsiku kungatsitse BP?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Moatize, amene amaphunzitsa pasukulu ya pulayimale. Iwo analemba kuti kuchipatala anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi (BP), kuti usiku tulo sitibwera chifukwa cha maganizo, ndiponso kuti mwana wawo anawauza za meditation imene anaiona pa YouTube. Funso lawo linali lakuti: kodi zimenezi zimathandizadi mpaka munthu kusiya mapiritsi, nanga angayambe bwanji?

Mayi, ambiri timamasulira meditation kuti kusinkhasinkha, koma mawuwa akhoza kukusocheretsani, pakuti kwa ife kusinkhasinkha ndi kuganizira chinthu mozama, pamene inu maganizo omwewo ndi amene akukusowetsani tulo. Chimene ndikunena pano ndi kukhazika mtima pa chinthu chimodzi, kawirikawiri mpweya umene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno, ndi kubwererako nthawi iliyonse maganizo akathawira kwina.

Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umagunda mofulumira ndipo mitsempha ya magazi imafinyika. Vuto ndi lakuti thupi silisiyanitsa njoka imene ili pakhomo ndi ngongole imene ili m'mutu, choncho munthu wamaganizo amakhala ngati akuthamangitsidwa tsiku lonse ngakhale ali pampando. Kupuma modekha, makamaka kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, kumabweza liwiro la mtima. Dokotala wa mtima wa ku yunivesite ya Harvard ku America, Herbert Benson, anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1979 Jon Kabat-Zinn anayambitsa maphunziro a masabata 8 pasukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts, amene zipatala zambiri zikugwiritsa ntchito mpaka lero. Mu 2014 akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins anaunika kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 47 ndipo anapeza kuti nkhawa, kukhumudwa ndi ululu zimachepako ndithu, ngakhale kuti si modabwitsa, koma pa nkhani ya tulo umboni sunali wokwanira. Mu 2017 bungwe la American Heart Association linanena kuti njirayi ikhoza kuwonjezeredwa pa chithandizo chimene dokotala wapereka, osati kulowa m'malo mwake. Choncho mapiritsi anu musasiye, mayi, ndipo aliyense wokuuzani zosiyana ndi zimenezi akuseweretsa moyo wanu.

Nkhaniyi si yachilendo kwenikweni kuno kwathu. Pulezidenti wakale wa Mozambique, Joaquim Chissano, ankachita mtundu wina wotchedwa Transcendental Meditation, ndipo m'zaka za m'ma 1990 analimbikitsa asilikali ndi apolisi kuti aziuchita. Ine sindikhulupirira zonse zimene otsatira njirayo amanena, koma mfundo yakuti munthu wotanganidwa chotero ankapeza nthawi yokhala chete imandichititsa manyazi ndikamadandaula za nthawi.

Tsopano za kayambidwe. Sankhani m'bandakucha, chifukwa inu mukudziwa bwino kuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa la ku Moatize likangokwera, kutentha kumatha kudutsa madigiri 40, ndipo palibe amene angakhazikike mtima thukuta lili kamukamu. Anzathu a ku Ulongwe, kumene kumazizira, ali ndi mwayi pa mbali imeneyi. Mangirirani chizolowezichi ku ntchito imene mumachita kale tsiku lililonse, monga pamene mwateleka madzi a tiyi pambaula. Khalani pampando kapena pamphasa msana uli wowongoka, foni muiike patali, ndipo werengani mpweya wotuluka kuyambira 1 mpaka 10, kenako n'kuyambiranso. Sabata yoyamba mphindi 5 zakwana, ndipo mukazolowera mufike pa 10.

Powerenga mpweya, musanafike pa 4 mudzapeza kuti muli kale pa mayeso a ana a m'kalasi mwanu kapena pa mtengo wa makala. Apa ndi pamene ambiri amasiyira poganiza kuti alephera, chonsecho kuzindikira kuti maganizo athawa ndi kuwabweza modekha ndiye ntchito yeniyeniyo, monga mmene m'busa amabwezera mbuzi zolowera m'munda popanda kuzikwiyira. Ngati kuwerenga kukukuvutani, bwerezani chamumtima mawu afupi a pemphero limene mumalikonda. Mukaphonya tsiku, pitirizani mawa lake osadziimba mlandu.

Chenjezo limodzi lokha. M'chigawo chathu cha Tete muli anthu ambiri amene anaona zoopsa pa nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992, ndipo kwa ena kukhala chete kumadzutsa zikumbukiro zowawa. Zikatero tsegulani maso, siyani kaye, ndipo kambiranani ndi achipatala.

Pezani kabuku kakang'ono kolembamo masiku amene mwachita ndi manambala a BP nthawi iliyonse mukayezetsa. Pakatha masabata 8, katengereni kwa adokotala anu kuti muone limodzi ngati pali chimene chasintha.