Mafunso ndi Mayankho: Kodi ndakatulo ya imfa ingaseketse anthu?

Funso: Akonzi, mwezi wamawa kuli mwambo wa chiliza cha agogo anga aamuna, amene anatisiya ali ndi zaka 91. Abale andiuza kuti ndikalakatule. Malemuwo anali munthu wanthabwala, koma ndikuopa kuti ndikaseketsa anthu kumanda andiona ngati wamwano. Nditani? Wowerenga wa ku Dedza.

Yankho: Mdzukulu, mwayi uli kwa inu. Kwathu kuno adzukulu ndiwo ali ndi chilolezo choseka pamaliro a munthu wokalamba. M'midzi yambiri amavala chijasi cha malemu, kutenga ndodo yawo n'kumasanzira mayendedwe awo, anamfedwa n'kuseka misozi ili m'masaya. Zikadakhala za mwana, kapena za munthu wofa pangozi, tikadati musayese n'komwe.

Nkhani yagona pa amene mukumuseka. Sekani imfayo, dzisekeni nokha, kapena sekani kakhalidwe ka agogo kamene mudzi wonse unkakakonda. Matenda awo, ngongole, za mitala ndi za chuma chamasiye musazikhudze. Pagulupo pamakhala wina amene bala lake silinapole. Taonani mizere iyi:

Imfa, unafika mochedwa,
unapeza agogo atasamba kale m'manja,
fodya wamphuno ali pachala.
Chimanga tinakolola ndife,
iwe wangotola mapesi.

Wonyozeka apa ndi imfa. Ndipo chimene chiseketse anthu ndi fodya wapachalayo, poti aliyense anamuonapo. Mawu ngati "anali wokonda anthu" amanenedwa pamaliro alionse, sagwira mtima wa munthu. Lembani kaye zinthu zisanu zimene maso anu anaona, monga njinga yopanda mabuleki kapena wailesi yomanga ndi mphira, musankhepo ziwiri.

Ndakatuloyo isapitirire mizere 24, yomwe ndi mphindi ngati ziwiri mukamalakatula modekha. Nthabwala ikhale imodzi, cha pakati. Mukaiika poyambirira anthu amayang'ana kaye nkhope za akuluakulu, ndipo imafera pomwepo. Akaseka, imani mupume kawiri, apo ayi mzere wotsatira umira m'phokoso.

Wina amalimbana ndi kufananitsa mathero a mizere. M'Chichewa ntchito imeneyi ndi yotchipa, chifukwa aneni ambiri amathera ndi "a", ndiye "kulira, kudandaula, kukumbukira" sizidabwitsa khutu. Samalani za mpweya: mzere umene simungaumalize osapuma, uduleni pawiri.

Lisanafike tsikulo, kawerengereni mwinimbumba. Akakwinya nkhope pamzere wina, chotsani osatsutsa.

Funso: Kodi mlakatuli weniweni amaloweza kapena amawerenga papepala? Mphunzitsi wa ku Zomba.

Yankho: Aphunzitsi, zonse ndi zololedwa, koma kuloweza kumakonza ndakatulo. Mlakatuli wa m'dziko muno Jack Mapanje atatsekeredwa kundende ya Mikuyu, komweko ku Zomba, kuyambira 1987 mpaka 1991, ndakatulo zambiri ankazipeka ndi kuzisunga m'mutu. Mutu susunga zinyalala: mzere umene ukukuthawani kachitatu nthawi zambiri umakhala ndi mawu owonjeza kapena suchokera mwa unzake, choncho ukonzeni. Lowezani ndime imodzi patsiku, mokweza mawu, mukuyenda. Pepalalo mulitengebe m'thumba, lolembedwa zilembo zikuluzikulu, chifukwa pachisoni khosi likangotsamwa mutu umayera.