Za ulendo wa ku Glasgow pa Khirisimasi

Achemwali mwafunsa ngati ndi nzeru kuyenda pa galimoto kuchoka ku Birmingham ku England kupita ku Glasgow ku Scotland ndi ana awiri nthawi yozizirayi. Zotheka ndithu, ife tinapitako chaka chatha. Koma nyamukani m'mamawa, mu Disembala kumpotoko ikamakwana 4 koloko kwada kale ndiye kuyendetsa mumdima ana akulira kumbuyo eee ndi chintchito. Ndi maola ngati 5 osaima koma ndi anawo werengerani 7.

Pa msewu waukulu wa M6 posamala kwambiri ndi pa Shap, musanafike ku Carlisle, ndi pokwera ndipo sinowo ndi nkhungu sizichedwa. Pa ayisi galimoto imatha kutenga mtunda kuchulukitsa ka 10 kuti iime, musamamatirire ya kutsogolo. Matayala lamulo limati kuya kwa mizere yake kusachepere 1.6mm koma akayandikira pamenepo ingosinthani.

Ife chinatipweteka ndi madzi otsukira galasi, tinathira apampopi ndiye anaundana, galasi lonse mchere wothira mumsewu ndi matope okhaokha bambo akunyumba akungosuzumira pakampata. Gulani screenwash ya winter, madzi otsukira galasi osaundana msanga, basi. Mabulangete, fulasiki ya tiyi, timandasi ndi tchaja zikhale pafupi osati m'buti. Anawo avuleni majekete okhuthala musanawamange pampando, lamba sagwira bwino pamwamba pa jekete.