Granola wanga woyamba anawonongeka ndi mtedza wonyowa

Achemwali, mwafunsa zopanga nokha granola, chakudya chija chosakaniza oats, mtedza, nthanga ndi uchi n'kuwotcha mu uvuni. Pangani ndithu, koma pa mtedza pokhapo tsegulani maso, chifukwa ine unandiliza. Ndangowerenga funso lanuli mtima wanga wabwerera ku January uja.

Kwacha itagwetsedwa mu November 2023, ndalama ya mabisiketi a ana atatu tsiku lililonse inandikanika. Ndiye ndinagula Jungle Oats ya kilo imodzi, botolo la uchi ndi chitowe. Nthanga za maungu ndinali nazo kale, amayi anabwera nazo kuchokera kumudzi. Mtedza ndinakagula mumsika kwa mayi wina amene ndagula kwa iye zaka zisanu, munthu woti ndinkamukhulupirira moti sindinkasankha n'komwe. Anandiyezera mbale zitatu ndi basela pamwamba. Unali wonona, wolemera m'manja, ine n'kumati ndapata. Osadziwa kuti anauwaza madzi. Ena amanyowetsa kuti usavute kusenda, ena kuti ulemere pa sikelo, ndipo nthawi ya mvula ngati imeneyo suumanso.

Tsiku limenelo magetsi anayaka cha m'ma 10 usiku. Pothamangira, mtedza sindinaukazinge padera, ndinangosakaniza zonse n'kuponya mu uvuni. Fungo lake nyumba yonse! Tulo titandigwira ndinathira m'mabotolo awiri akuluakulu zisanazizire bwino, n'kutseka.

Sabata yoyamba zinayenda. Lachiwiri la sabata inayo mwana wanga wamng'ono, wa Sitandade 3, anabwerera ndi kontena yake yodzaza. Akuti, "Amama, zikuwawa." Ine ndinamukalipira. Ndinati akufuna mabisiketi basi, ndalama sizitoledwa pansi, adye pompo ndikuona. Anadya akugwetsa misozi, ine nditaima pambali pake manja m'chiuno. Mawa lake chimodzimodzi. Lachinayi madzulo m'pamene ndinapendeketsa botolo lachiwiri kuti ndidyeko ndekha, ndipo fungo lomwe linatuluka linali ngati la zovala zomwe zagona m'beseni. Pansi pake zonse zitagwirana, chuku chobiriwira chitayanga pa mtedza. Ndinatafuna njere imodzi, kuwawa kwake mpaka kukhosi. Ndinakhala pansi pakhitchini pomwepo. Mwana ankanena zoona, ine ndinamukakamiza masiku awiri. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangokamugwira pamimba ali m'tulo. Chuku cha mtedza chimatha kukhala ndi poizoni uja amati aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo ngakhale mukazinge bwanji satha. Mwamwayi sanadwale, koma mpaka lero ndikamuona akudya granola ndimakumbuka nkhope yake ija.

Kutacha ndinanyamula botolo kupita nalo kumsika. Mayi uja sanaliyang'ane n'komwe. Akuti, "Mtedza wanga suwola, mwasunga udyo ndinu." Pagulu, anzake akuseka! Zaka zisanu ndikumusiyira ndalama, maliro a mlongo wake ndinapereka chipepeso, koma pepani yekha anamukanika. Inde, kutsekera zofunda kunali kulakwa kwanga, sindikana. Koma mtedza wotsala m'thumba, umene sunalowe mu uvuni n'komwe, nawonso unali utachita chuku. Amenewo ndi ine? Munthu ukudziwa kuti chinthu chikukadyedwa ndi ana, iwe n'kumathira madzi chifukwa cha phindu? Oats, uchi, magetsi, zonse ndinataya kudzala.

Komabe musaope, n'zotchipa kwambiri kusiyana ndi wa m'mashopu, ndipo n'zosavuta. Mtedza muziusankha ngakhale mukugula kwa munthu amene mumamudziwa bwino, ndipo muzigula makamaka wamakoko kuti musende nokha. Wouma bwino umalira mukaugwedeza, ndipo ukauluma umathetheka. Wofota, wosweka ndi wakuda tayani, musaumve chisoni. Muukazinge kaye pawokha n'kuupukusa. Ine ndimaika makapu 4 a oats, kapu imodzi ya mtedza, theka la kapu ya chitowe chosakaniza ndi nthanga, theka la kapu ya uchi, mafuta ophikira ochepera theka la kapu, ndi kamchere. Uchi ukadula sungunulani shuga wabulauni ndi timadzi pang'ono, zimakomabe. Uvuni pa madigiri 150, mphindi 30, kutakasa pa mphindi 10 zilizonse, chifukwa m'mbali mumapserera msanga. Pa mbaula zimathekanso m'chiwaya, bola makala akhale ochepa ndipo dzanja lisachoke pa chipande. Ngati mukuika nthochi kapena mango oumitsa, muthire mutaphula kale.

Mukaphula yanikani pa thireyi mpaka zizizire kwathunthu, ngakhale maola awiri, kenako m'botolo louma lotseka bwino. Nyengo ya mvula musapange kilo yonse ngati mmene ndinachitira ine, pangani za sabata imodzi basi. Ndipo mwana akanena kuti zikuwawa, lawani kaye inuyo musanamukalipire.