Funsani Anamwino: Ziphuphu zinatha koma madontho akuda sakuchoka

FUNSO: Zikomo anamwino. Ndine mtsikana wa zaka 23, ndimagulitsa kaunjika ku Limbe. Chaka chatha ziphuphu zinandizunza kwambiri. Pano zachepa, koma paliponse pamene panali chiphuphu patsala dontho lakuda. Mnzanga anandiuza kuti ndizipaka mandimu osakaniza ndi adyo m'mawa ndi madzulo. Ndapaka milungu itatu, nkhope ikungonyerenyesa ndipo madonthowo ndiye akuderaderabe. Mafuta oyeretsa khungu sindiwafuna. Kodi mankhwala ochokera ku zomera amene angandithandize alipo? Ndine wodandaula, Limbe.

YANKHO: Mwanangu, mandimu ndi adyowo usiye lero lomwe. Kunyerenyesako si umboni woti mankhwala akugwira ntchito ayi, ndi khungu likupsa.

Pakhungu pathu pali timaselo topanga melanin, amene amatipatsa mtundu wathu wakudawu. Pamalo pakatupa, kaya ndi chiphuphu, katsabola, kapena pamene wakanda udzudzu utakuluma, timaseloti timapanga melanin wochuluka, ndiye bala likapola pamatsala dontho. Ife akhungu lakuda zimenezi zimatichitikira kwambiri kuposa azungu. Tsono ukapaka chinthu chowotcha ukuyambitsanso kutupa kwina, ndipo dontho limawonjezera kuda. Adyo wamuwisi amatha kutulutsa matuza ngati wapsa ndi madzi otentha. Mandimu nawo ali ndi zinthu zimene zikakumana ndi dzuwa zimawotcha khungu. Sindiiwala mayi wina wogulitsa tomato amene anabwera kwa ine ali ndi mizere iwiri yakuda, kuchokera patsaya mpaka pachibwano, ngati njira ya misozi. Munali mmene munayenderera madzi a mandimu, iwo n'kukakhala padzuwa tsiku lonse. Anabwera atadziphimba nkhope ndi chitenje, ndipo zinandiwawa chifukwa dontho limene ankalimbana nalo poyamba linali laling'ono ngati njere ya mapira.

Zomera zothandiza zilipo, koma zimagwira ntchito mwapang'onopang'ono. Yapafupi ndi alovera, amene ambiri tili naye kuseri kwa nyumba. Ukadula tsamba, uliimike kaye m'kapu kuti utomoni wachikasu uja utsike wonse, chifukwa umenewo umayabwa. Kenako usende, utenge zoterera zoyera za m'katimo. Uyambe wayesa pamkono masiku awiri, ukaona kuti sipakuyabwa ndiye upake kumaso. Alovera amaziziritsa khungu lokwiya, ndipo ali ndi aloesin amene amachepetsako kapangidwe ka melanin, koma usayembekezere kuti payekha angafafanize madontho onse.

Zina zimabwera m'mafuta okonzedwa kale: muzu wa licorice, soya, mabulosi, ndi arbutin wochokera ku masamba a chomera chotchedwa bearberry. Zimenezi zimathandizako zikakhala m'mafuta opangidwa mwadongosolo. Kusinja masamba a mabulosi mumtondo n'kumata kumaso si chimodzimodzi. Turmeric amene atsikana akumutama pa Facebook nthawi zambiri amangosiya chikasu pankhope ndi papilo.

Koma utandifunsa chimene ine ndimachidalira, ndi mankhwala opaka otchedwa azelaic acid. Amapezeka mwachilengedwe mu tirigu ndi balere, ngakhale wa ku famase amachita kupanga ku fakitale. Amabwera wa 15 kapena 20 peresenti, ndipo ubwino wake ndi woti amalimbana ndi ziphuphu komanso madontho nthawi imodzi, osayeretsa khungu labwinobwino. Masiku oyamba amanyerenyesako pang'ono, choncho umayamba ndi kachidutswa kochepa, kudumphitsa tsiku. Kusintha kumaoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Ndakondwa kuti mafuta oyeretsa khungu sukuwafuna, komabe chenjera, chifukwa masiku ano amabisala. Botolo limakhala ndi chithunzi cha papaya kapena karoti, atalembapo kuti ndi zachilengedwe, pamene m'kati muli mankhwala oopsa monga clobetasol, hydroquinone kapena mercury. Ku South Africa analetsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, madokotala ataona amayi ambiri nkhope zitada bii ndi timadontho tosachoka chifukwa chodzola zaka zambiri. Clobetasol ndiye amapyapyalitsa khungu, mitsempha n'kumaonekera, ziphuphu n'kubwerera mwaukali. Mafuta alionse amene akukuyeretsa pa sabata imodzi, ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi a zitsamba, uwataye.

Mdani wako wamkulu ndi dzuwa la pamsikapo. Ngakhale utapaka zabwino zotani, ukamakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo madonthowo sangazilale. Ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha, gula mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposa, uzipaka m'mawa uliwonse ndi kubwereza masana. Peza chipewa cha mlomo waukulu, ndipo benchi yako ikhale pansi pa ambulera. Zalanso zichoke kumaso: chiphuphu chilichonse chimene wafinya ndi dontho latsopano.

Madontho ooneka ofiirira ali pamwamba, ndipo amazilala pa miyezi 6 mpaka 12. Amene akuoneka otuwa mobiriwira ali m'kati mwa khungu, amenewo amatha kutenga zaka. Ngati ziphuphu zikutulukabe, makamaka zikuluzikulu zopweteka zija, pita ukaonane ndi a za khungu ku chipatala cha Queen Elizabeth, si kutali ndi Limbe, ndipo ukawauze zonse zimene wakhala ukupaka.

Milungu iwiri ikubwerayi usayambe mankhwala alionse. Uzisamba kumaso ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wopanda fungo, osakhula ndi thaulo kapena chinkhupule, ndipo pamene pasupuka uzipakapo Vaseline pang'ono. Kunyerenyesa kukatheratu ndiye uyambe azelaic acid uja. Undilemberenso pakatha miyezi itatu, ndikufuna kumva mmene zikuyendera.