Funsani za malamulo: Aneba akumalowa pakhomo panga, ndiwamangitse bwanji?

FUNSO: Zikomo a mkonzi. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe pa puloti yomwe tinagula ndi malemu amuna anga. Vuto langa ndi aneba. Chikanganireni za malire chaka chatha bambowa akumangolowa pakhomo panga ngati pawo, Loweruka lapitali anakankha geti nkukhala pakhonde panga kuyambira cha m'ma 5 madzulo mpaka mdima, ndinawauza katatu kuti tulukani koma iwo amvekere "undichita chani wamasiye iwe" mpaka ana anathawira kuchipinda. Achimwene anga akuti tingowathidzimula basi. Kodi lamulo likuti chani? Ndipo anthu akundiuza kuti ndilibe umboni, umboni wake ndi uti? Mayi wodandaula, Lilongwe.

YANKHO: Pepani kwambiri mayi, zimenezi ndi zowawa makamaka poti zikuchitika ana akuona. Choyamba achimwene anuwo auzeni manja akhale m'thumba, akangowamenya anebawo nkhani itembenuka ndipo wogona m'selo akhala iwo pa mlandu wovulaza munthu, anebawo nkusanduka odandaula.

Mlandu womwe mukunenawu ulipo m'malamulo athu, uli mu gawo 314 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, ndipo kukhothi amautchula kuti criminal trespass. Koma apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Kungoponda pamalo a mwini pakokha sikumangitsa munthu ayi, mwana wotola mpira kapena munthu wodula njira popita kuchigayo sapalamula mlanduwu. Lamulo limafuna kuti munthuyo alowe pamalo omwe ali m'manja mwa wina ali ndi cholinga chopalamula mlandu, kapena choopseza, kunyoza kapena kusowetsa mtendere amene ali pamalopo. Limagwiranso munthu amene analowa bwinobwino, kaya munamulandira nokha, koma kenako nkukakamira osachoka ndi zolinga zomwezo. Ndipo akalowa m'nyumba yogonamo anthu chilango chimakula kuposa akangolowa pabwalo.

Onani mawu oti "m'manja mwa wina". Khothi pa mlanduwu limayang'ana kuti amene akukhala kapena kusamala pamalopo ndi ndani, ndiye ngakhale munthu wa lendi akhoza kudandaula, ngakhale wolowayo atakhala landilodi amene wabwera kudzaopseza. Inu mumakhala pompo ndi ana, mbali imeneyi siyovuta, komabe mapepala ogulira puloti aja ndi mabilu a madzi muwasunge pafupi.

Povuta ndi pa cholinga, poti palibe angatsegule mtima wa munthu nkuona zomwe amaganiza. Majisitireti amaziona kudzera m'zochita ndi zoyankhula. Ndiye mawu aja oti "undichita chani wamasiye iwe" musawaiwale, ndi umboni wamphamvu zedi, alembeni lero lomwe mu kope momwe anawanenera, tsiku, nthawi yomwe analowa, nthawi yomwe anatuluka, kangati munawauza kuti achoke, ndani anali pafupi. Milandu imachedwa mayi, mudzapezeka mukuima m'bokosi patatha miyezi ndipo loya wa mbali ina adzakufunsani kuti linali Loweruka kapena Lachisanu, mukangodzandira pang'ono iye wapeza pogwira.

Akukuuzani kuti mulibe umboniwo akulakwitsa. Zomwe munaona ndi maso anu ndi kumva ndi makutu anu ndi umboni kale, inuyo ndinu mboni yoyamba. Ngati pali mayi wogulitsa tomato panja pa geti amene anaona, kapena neba wina amene anamva phokoso, apempheni akapereke sitetimenti. Koma akhale amene anaonadi, osati alamu anu a ku Kawale amene munangowafotokozera pa foni, zomva kwa wina khothi kawirikawiri silizilandira. Ndipo chonde musawaphunzitse zonena, mboni zoloweza zimagwa msanga zikafunsidwa mafunso. Akadzabweranso jambulani vidiyo muli chapatali ngati sizikuikani pa ngozi, muisunge mu foni momwemo osaidula, osayamba mwaiponya pa gulu la WhatsApp la m'dera.

Mukapita kupolisi fotokozani zomwe zinachitika mwandondomeko, musayambe ndi za malire chifukwa angokuuzani kuti imeneyo ndi nkhani ya malo. Ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, nakonso akhoza kukuthandizani poti pali kuopsezedwa. Nkhani ikafika kukhothi wozenga mlandu ndi boma, ndipo gawo 187 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni, likuti udindo wotsimikizira mlandu uli kwa boma, osati woimbidwa mlandu kuti adziyeretse. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limamutenga ngati wosalakwa mpaka khothi litampeza wolakwa, ali ndi ufulu ongokhala chete. Umboni uyenera kukwana mosasiya chikaiko chomveka, pakatsala chikaiko munthu amamasulidwa. Ndikudziwa zimapweteka kwa wolakwiridwa ngati inu, koma lamulo lomweli ndi lomwe lingakutetezeni tsiku lomwe wina angakunamizireni.

Konzekeraninso kuti anebawo adzanena kuti amakhulupirira kuti malowo ndi awo. Pa kachigawo ka malire komwe mukulimbiranako mwina angamvedwe, koma pakhonde la nyumba yanu, atakhala mpaka mdima akukunyozani, sindikuona kuti zingawathandize. Za malirezo zili ndi njira yake ina, ndi mlandu wa sivo womwe mumasuma nokha kupempha chipukuta misozi kapena chiletso choti asadzapondenso, ndipo kumeneko muyeso wa umboni ndi wopepukirapo, khothi limangoona mbali yomwe nkhani yake ikumveka yoona kuposa inzake. Ngati ndalama ya loya palibe pitani ku Legal Aid Bureau mukafotokoze.

FUNSO: Mbuzi za aneba zadya chimanga changa theka la munda, kodi imeneyi si trespass yomweyo? Mlimi, Dedza.

YANKHO: Bambo, mbuzi ilibe cholinga choopseza munthu ndiye gawo 314 silikwana apa, pokhapokha mwini wake atazilowetsa dala m'mundamo. Yanuyi ndi ya chipukuta misozi. Itanani anyakwawa ndi alangizi a zaulimi adzaone mundawo mapesi asanaume, muwerengere limodzi mizere yomwe yadyedwa, mujambule zithunzi. Mbuzizo musaziphe kapena kuzithyola miyendo, mungapalamule ndinu. Mwini wake akakana kulipira kwa amfumu kasumeni kukhothi la majisitireti pa boma pompo.